Eid yoyamba pambuyo pa maliro

Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhani, mwezi wosala kudya, Msilamu aliyense mu Chipata khutu limakhala ku foni. Uthenga ukangofika wakuti mwezi waoneka ndipo mawa ndi chikondwerero cha Eid, matelala amachezera pamakina kumalizitsa mikanjo ya ana, amayi amayamba kusankha mpunga, takbir, mawu oti Allahu Akbar, n'kumamveka kuchokera ku mizikiti. Koma ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, ngakhale kuseri kwa masitolo a ku Down Shops, ziliko nyumba zina kumene uthenga womwewo ukafika anthu amangoti zii. Kuchipinda kuli mkanjo woyera pamsomali, mzuli uli pamwamba pake, mwini wake anagona kumanda miyezi itatu yapitayo.

Amene anafedwapo amadziwa kuti Eid yoyamba imawawa kuposa masiku ambiri a chaka choyambacho, nthawi zina kuposa tsiku loika maliro lenilenilo. Ena zimawadabwitsa, ena zimawachititsa manyazi. Amadzifunsa: kodi chikhulupiriro changa chachepa, poti anzanga akuti Eid Mubarak ine mtima uli kumanda? Ndaona kuti ofedwa ambiri amasenza mitolo iwiri pa tsikuli, mtolo wa chisoni ndi mtolo wodziimba mlandu chifukwa cha chisonicho. Wachiwiriwu Chisilamu sichinawasenzetse. Timawasenzetsa ndife, achibale ndi anansi, ndi mawu amene timayesa ndi achipembedzo.

Munthu sitimukumbukira ndi mutu wokha. Timamukumbukira ndi mphuno, ndi makutu, ndi mapazi. Masiku wamba amasiyanasiyana, koma Eid imabwera chimodzimodzi chaka ndi chaka: kusamba m'mamawa, kudya tende musanatuluke, njira yomweyo yopita ku swala, pemphero la Eid, khomo lomwelo loyambira kuchezera, fungo lomwelo la anyezi wa pilau, dzanja lomwelo logawira tiana makobidi. Mwambo ukakhala wosasintha chotero, munthu mmodzi akasowapo pamakhala ngati pamene pazuka dzino la kutsogolo, lilime limangobwerera pomwepo. Akatswiri a za maganizo anaona kalekale kuti masiku okumbukirika amadzutsa chisoni chimene chinayamba kugona, ndipo thupi limayamba kumva tsikulo lisanafike: tulo timasowa, mtima umapsa msanga, mutu umalemera, mwini wake osadziwa kuti chalakwika n'chiyani.

Pali china chimene sitikambirana kawirikawiri. Ramadhani ndi mwezi wosunga wofedwa. Anthu onse amakhala ofooka, olankhula pang'ono. Ukalira pa swala ya usiku ya taraweh palibe wokucheukira, poti amene waima pambali pakoyo nayenso akupukuta m'maso. Kusadya kwako sikuoneka chifukwa mudzi wonse ukumanga, ndiko kuti ukusala kudya. Chisoni chimapeza pobisala kwa masiku 29 kapena 30. Kenaka mwezi uoneka, ndipo mu usiku umodzi wokha pobisala paja patha. Pa tsiku la Eid kumanga n'koletsedwa. Uyenera kudya, kuvala zabwino, kutsegulira alendo chitseko. Wofedwa amene dzulo anali wofanana ndi aliyense, lero watsala yekha.

Kuwonjeza apo, Msilamu wa kuno amayendera makalendala awiri. Chaka cha mwezi chili ndi masiku pafupifupi 354, ndiye Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Mu 2015 Eid ul-Fitr, Eid yotsiriza Ramadhani, inagwa mu Julayi, kukuzizira. Mu 2021 inagwa mu Meyi, anthu ali pakati pokolola. Mu 2025 inagwa kumapeto kwa Malichi, chimanga chikadali chachiwisi m'munda. Tinene kuti bambo anamwalira mu Ramadhani ya 2021, mu Epulo. Ana awo adzawalira Epulo aliyense, chifukwa ndiye deti lolembedwa pamapepala, adzawaliranso Ramadhani ikafika, chifukwa ndiyo nyengo imene mtima unalemba. Zaka zikamapita masiku awiriwa amatalikirana, ndipo banja limodzi limakhala ndi nyengo ziwiri zolira munthu mmodzi. Amene anataya abale pa mliri wa korona m'nyengo yozizira ya 2021, Eid ul-Adha, Eid ya nsembe, inawapeza mu Julayi dothi la pamanda lisanaume, ndipo kwa iwo Eid ya nsembe idzanunkha maliro kwa zaka zambiri.

Kuno ku Zambia Eid si tsiku la tchuthi. Mukangowoloka pa Mwami kulowa ku Mchinji, Eid ul-Fitr ndi tchuthi cha dziko lonse la Malawi, koma kuno mphunzitsi kapena namwino wachisilamu amapempha chilolezo cha m'mawa, akaswali n'kubwerera ku ntchito. Anzake a ku ofesi, ambiri Akhristu, amamvetsa bwino kuti Khrisimasi yoyamba popanda mayi ndi yowawa, koma sadziwa kuti mnzawoyu Khrisimasi yake ndi lero.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi liwiro la maliro achisilamu. Munthu akamwalira m'mawa, mtembo umasambitsidwa, kukulungidwa mu sanda, kuswalidwa swala ya jeneza ya takbir zinayi, ndipo kawirikawiri dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa. Chifukwa chake chilipo, Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, analamula kufulumizitsa maliro. Koma kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 550, ulendo wa pafupifupi tsiku lonse pa basi, nanji wochokera ku Kitwe kapena ku Johannesburg. Mwana amafika n'kupeza mulu wa dothi. M'mabanja athu ambiri muli zipembedzo ziwiri, alongo a malemu ali a Reformed kapena a Katolika, ozolowera kuti thupi limadikira kumochale mpaka abale asonkhane, ndipo amabwerera kwawo ndi kanthu kukhosi kuti sanatsanzike. Amayinso m'mizikiti yambiri safika kumanda pa tsiku loika. Choncho Eid yoyamba nthawi zambiri ndiyo nthawi yoyamba imene banja lonse likhalanso pamphasa imodzi. Limabwera kudzadya mpunga, n'kupeza kuti maliro aja sanathe.

Nanga chipembedzo chimati chiyani? Aliyense amadziwa za masiku atatu. Mtumiki anaphunzitsa kuti kukhuza maliro a m'bale kusapitirire masiku atatu, kupatula mkazi amene wafedwa mwamuna, amene amakhala miyezi inayi ndi masiku khumi, monga yanenera Qur'an pa 2:234. Pamene ambiri timasokoneza ndi apa. Masiku atatuwo ndi malire a zooneka ndi maso: kusiya ntchito, kusiya kudzikongoletsa, kukhala pansi kulandira opepesa. Ndi malire oteteza amoyo, kuti nyumba isasanduke siwa mpaka kalekale, kuti ana adye, munda ulimidwe. Palibe pamene pananenedwa kuti pa tsiku lachinayi mtima uleke kuwawa. Mtima suwerenga masiku, ndipo Amene anaulenga amadziwa zimenezo.

Taonani Mtumiki mwini wake. Mwana wake Ibrahim akutsirizika ali khanda losakwana zaka ziwiri, anamunyamula, misozi n'kuyamba kutsika. Abdur-Rahman bin Awf anadabwa n'kufunsa kuti, inunso Mtumiki wa Allah? Iye anayankha kuti ichi ndi chifundo, n'kuonjeza kuti diso limagwetsa misozi, mtima umamva chisoni, koma sitinena china koposa chokondweretsa Mbuye wathu, ndipo kusiyana nawe, Ibrahim, kwatimvetsa chisoni. Chaka chimene anamwalira mkazi wake Khadija ndi Abu Talib amene anamulera, cha m'ma 619, Asilamu mpaka lero amachitcha Chaka cha Chisoni. Anthu ochita manyazi ndi chisoni sakadatcha chaka chathunthu dzina lotero. Ndipo mu Sura Yusuf, mneneri Yaqub analira mwana wake Yusuf amene anasowa, mpaka maso anachita mbee, pa 12:84. Ana ake ena anatopa naye, anamuuza kuti simuleka kutchula Yusuf mpaka mudwale kapena mufe. Mawu amenewo timawamvabe m'makomo mwathu. Yaqub anawayankha kuti dandaulo langa ndi chisoni changa ndikupereka kwa Allah. Munthu yemweyu ndiye amene Qur'an imamutchula ndi mawu akuti sabrun jamil, kupirira kokongola. Anapirira misozi ikutsika, zaka zambirimbiri.

Choletsedwa chilipo, ndipo n'chodziwika: kubuma mokuwa n'kumatchula mawu otsutsa chifuniro cha Allah, kudzimenya m'masaya, kung'amba zovala. Apa pamakhala kukhulana ndi chikhalidwe chathu, chifukwa kwa Achewa ndi Angoni kubuma ndiko kulengeza maliro, ndipo mkazi wosabuma amamuyang'ana ndi diso lina. Mayi wachisilamu amene azibale ake ndi Akhristu amapanikizika pakati, akalira mokweza aku mzikiti amuletsa, akakhala chete akuchimuna amunena kuti sanamukonde mwamuna wake. Koma kuletsa kubuma kwakula mpaka kwadya ndi misozi yomwe. Mumamva gogo akuuza mwana wa zaka khumi kuti, osalira, ukuwawotcha atate ako kumanda. Mawuwa ali ndi gwero. Pali hadisi, mawu a Mtumiki osimbidwa ndi mnzake Umar ndi mwana wake Abdullah, yonena kuti wakufa amalangidwa chifukwa cha kulira kwa abale ake. Koma Aisha, mkazi wa Mtumiki, atamva anatsutsa kamvedwe kameneko, n'kuwerenga ndime yakuti palibe wosenza mtolo amene adzasenze mtolo wa mnzake. Ophunzira akuluakulu a chipembedzo anafotokoza kuti hadisiyo ikunena za kubuma koletsedwa kuja, makamaka ngati malemu anali wokonda mwambowo kapena analamula kuti adzamuchitire. Mtumiki yemweyo, atapita kukazonda Sa'd bin Ubada n'kulira, ananena poyera kuti Allah salanga chifukwa cha misozi ya m'maso kapena chisoni cha mumtima, koma chifukwa cha ichi, akuloza lilime. Kuuza mwana wamasiye kuti misozi yake ikuzunza bambo ake n'kumulanda chinthu chokhacho chimene watsala nacho, ndipo ine ndimaona kuti ndi nkhanza, ngakhale wonenayo ali ndi cholinga chabwino.

Pa nkhani ya kupirira pali kankhani kamene timakakamba theka. Mtumiki anapeza mayi akulira pamanda, n'kumuuza kuti aope Allah ndipo apirire. Mayiyo, posamuzindikira, anamukalipira kuti chokani apa, tsoka langali silinakugwereni inu. Atauzidwa kuti anali Mtumiki, anapita kunyumba kwa Mtumikiyo kukapepesa, ndipo anauzidwa kuti kupirira kwenikweni n'kwa pa kugunda koyamba kwa tsoka. Timakonda kubwereza mawu omalizawa. Timaiwala kuti atakalipiridwa, Mtumiki sanabweze, sanadzitchule kuti ndi ndani, anangochoka n'kumusiya mayiyo ndi manda ake. Wopita kukacheza kwa ofedwa pa Eid atengereko pamenepo. Mwina adzakuyankhani mokhadzula. Si inu amene akukukalipirani.

Ofufuza za chisoni a masiku ano afika pafupi ndi pomwepa, kudzera njira yawo. Ambiri tinamva za masitepe asanu a chisoni, kukana, mkwiyo, kunyengerera, kukhumudwa ndi kuvomereza. Anawalemba ndi dokotala Elisabeth Kübler-Ross mu 1969, koma iye anawaona pa odwala amene anali pafupi kufa, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake sanapeze kuti ofedwa amakwera masitepewo motsatana ngati makwerero. Chimene chimafanana kwambiri ndi moyo weniweni ndi chimene anafotokoza Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Netherlands mu 1999. Iwo anati wofedwa amayenda chopita n'kubwera pakati pa mbali ziwiri. Nthawi ina ali ku mbali ya imfa, akulira, akukumbukira, akununkhiza malaya a malemu. Nthawi ina ali ku mbali ya moyo, akufunafuna ndalama ya sukulu, akuphunzira kuyendetsa kantemba kamene kanali ka mwamuna wake, akuseka nthabwala. Kupita n'kubwerako ndiko kuchira. Woopsa ndi amene wakakamira mbali imodzi, wolira osaleka kapena wothawa osacheuka.

Tsiku la Eid m'nyumba ya ofedwa limayenda chomwecho. M'mawa mayi akulirira mu poto wa mpunga. Masana kamdzukulu katayira msuzi pamkanjo watsopano, nyumba yonse igwa nako kuseka, iyenso aseka. Kenaka adzigwira pakamwa, akuti ndaseka bwanji mwamuna wanga ali m'dothi. Kusekako si kuiwala. Ndi mtima ukupuma kuti upeze mphamvu zoliranso madzulo.

Wofunika kumuganizira kwambiri ndi mayi amene Eid yamupeza ali mu edda, nyengo ija yodikira mwamuna akamwalira. Kwa miyezi inayi ndi masiku khumi, kapena mpaka abereke ngati ali ndi pakati, amakhala m'nyumba ya mwamuna wake, sadzola zonunkhira, sapaka wanja, savala zokongoletsa, sakwatiwa, ndipo amatuluka pokhapokha pali chofunika, monga kuchipatala kapena kukafuna chakudya cha ana. Mashehe ambiri amati ku swala ya Eid asapite. Ndiye m'mawa umenewo nyumba yonse ivala zatsopano n'kutuluka, iye atsala yekha akumva takbir chapatali. Zimene anthu amawonjeza pamwamba pa lamuloli ndi zambiri: asasambe ndi sopo, asapese tsitsi, avale zakuda zokhazokha, asalankhule pa foni, asadziyang'ane pagalasi. Zimenezi si za m'chipembedzo. Akhoza kusamba, kuphika, kucheza ndi anthu, kudya nawo chakudya cha Eid. Chosavuta kuchita n'chakuti mmodzi mwa alamu kapena azilongo atsale naye m'mawawo, kapena alendo ayambire khomo lake pochokera ku swala, asamusiyire kumapeto, chakudya chitazizira.

Pena m'malo momutonthoza, Eid imasanduka bwalo logawira katundu, popeza abale onse alipo. Qur'an pa 4:12 imapereka kwa mkazi wamasiye gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati malemu wasiya ana. Lamulo la dziko la 1989, pamene munthu wafa osalemba wilo, limapereka 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene malemu ankawasunga. Malamulo awiriwa amasiyana ndipo mabanja amakangana kuti atsate liti, koma palibe mwa awiriwa lololeza atsibweni kunyamula mipando ndi makina osokera pa tsiku la chikondwerero. Nkhani ya chuma ili ndi tsiku lake.

Chimene ndimakonda pa Eid n'chakuti, tikaisiya kuti igwire ntchito yake, ili ndi zogwirira zambiri za munthu wosweka mtima. Imayamba ndi kupatsa. Swala isanachitike, nyumba iliyonse imene ingathe imapereka zakat ul-fitr, muyeso wa makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chakudya cha masiku onse pa munthu aliyense wa m'nyumbamo, ndipo ena amapereka ndalama yofanana nawo. Powerenga mitu chaka chino pachepa umodzi, ndipo pamenepo pamabaya. Mabanja ena amatenga muyeso umodziwo n'kuupereka ngati sadaka m'dzina la malemu. Si zakat, poti wakufa alibenso udindowo, koma dzanja limapeza chochita pamene likadangolendewera.

Za chakudya Mtumiki anasiya chitsanzo chomveka. Ja'far bin Abi Talib ataphedwa pa nkhondo ya Mu'ta mu 629, Mtumiki analamula kuti anthu aphikire banja la Ja'far, chifukwa lagweredwa ndi chinthu choliiwalitsa kuphika. Chakudya chimapita kwa ofedwa. Ife nthawi zambiri tatembenuza, ofedwa ndiwo amagulitsa mbuzi kuti adyetse khamu. Aisha nayenso pakagwa maliro ankalamula kuti aphike talbina, phala lopyapyala la ufa wa balere, ndipo ankati anamva Mtumiki akunena kuti limatonthoza mtima wa wodwala ndi kuchotsako chisoni china. Ambuya athu, amene sanamvepo za talbina, akaona wofedwa akukana nsima amati, mwani kaphala kokha mwanawe. Nzeru yake ndi imodzi. Munthu wachisoni mmero umatsekeka, ndipo pa Eid, pakati pa pilau ndi samusa ndi nyama yonona, chimene angathe kumeza mwina ndi kapu ya phala lofunda. Musamukakamize mbale yodzadza.

Pa Eid ul-Adha, imene imagwa pa 10 Dhul Hijja, pali mwambo wina wa Mtumiki umene umandikhudza. Khadija atamwalira, kwa zaka zambiri iye akapha nkhosa ankatumiza nyama kwa anzake a Khadija, mpaka Aisha anavomera yekha kuti ankachita nsanje ndi mkazi amene sanamuonepo. Akatswiri ena kale ankaphunzitsa kuti kuchira ndi kudula chingwe chokulumikiza ndi wakufa. Cha m'ma 1996 maganizowo anayamba kusintha, ofufuza ataona kuti anthu ambiri amachira bwino posunga ubalewo m'njira yatsopano. Asilamu njirayo anali nayo kale. Pogawa nyama ya nsembe, kumbukirani mnzawo wa amayi amene ankagulitsa nawo tomato pa msika wa Kapata, kapena mdala amene ankakhala pambali pa bambo pa swala ya Ijumaa. Mukagogoda pakhomo pake ndi kaphukusi ka nyama adzakuuzani nkhani ya malemu imene simunaimvepo. Pa za kupha nsembe yapadera m'dzina la wakufa mashehe amasiyana, ena amalola ena amati ndi bwino kungomuphatikiza pa nsembe ya banja, koma pa duwa, ndiko kumupempherera, ndi sadaka onse amagwirizana. Hadisi yodziwika imati munthu akafa ntchito zake zimaduka kupatula zitatu, sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa anthu, ndi mwana wabwino womupempherera. Sadaka yopitirira sifunika kukhala mjigo wa ndalama zambiri. Mtengo wa mango pambali pa njira, ndowa ya madzi pa mzikiti, kulipirira mwana wamasiye yunifolomu, zonsezi zimawerengedwa.

Za kumanda nazo pali kusiyana. Kuzonda manda Mtumiki poyamba analetsa kenaka analola, ponena kuti kumakumbutsa za tsiku lomaliza. Mabanja ambiri akachoka ku swala ya Eid amadzera kumanda, ndipo poti ndi sunna, chitsanzo cha Mtumiki, kubwerera njira ina yosiyana ndi imene unapitira, ulendowo umangokhala ngati unakonzedwa kale. Mashehe ena amati kusankha tsiku la Eid kukhala lapadera lozondera manda kulibe umboni. Chimodzimodzi sadaka ya masiku 40 imene mabanja ambiri ochokera ku Chiyao amachita, ena amaiona ngati mwambo wabwino wosonkhanitsa abale, ena amaikana. Mu Chipata mumakumana miyambo yosiyana, Asilamu a makolo ochokera ku India amene ambiri amatsata chiphunzitso cha Hanafi, ndi a Chiyao amene ambiri amatsata cha Shafi'i, kuonjezapo achinyamata ophunzira kunja. Mikangano imeneyi ndi ya ophunzira ndipo siidzatha mawa. Ine pempho langa n'lakuti isachitikire pamutu pa wofedwa. Mwana amene sanaone bambo ake akuikidwa akafuna kukaima pamanda pa Eid, mperekezeni. Akati sindingathe chaka chino, msiyeni.

Abambo ndi ana ndiwo amaiwalika. Mwamuna wofedwa mkazi alibe edda, ndiye tsiku lachinayi anthu amayembekeza kumuona pa njinga yake akunyamula anthu ngati kale, ndipo pofika Eid ena ayamba kale kumulozera akazi. Chisoni chake chimatulukira kwina, m'kupsa mtima, m'kugwira ntchito mpaka usiku, m'kuthawa kunyumba. Ana nawonso salira ngati akulu. Amalira mphindi zisanu n'kuthamangira kukasewera, akulu n'kumati saziwa kanthu. Akudziwa. Funso lawo limabwera mwadzidzidzi, pakati pa chakudya: chaka chino ndalama ya Eid atipatsa ndani? Musawakalipire. M'funsomo muli lina, lakuti kodi alipo amene watsala wotisamala. Ayankheni zoona, m'mawu osavuta, kuti atate anamwalira ndipo sabweranso, ndipo wina atenge udindo wa kandalama kaja, ngakhale ndi K5.

Opepesa timalakwitsa pofuna kukonza zosakonzeka. Limbani mtima, zinalembedwa, ali pabwino, mukadali wamng'ono mudzabereka wina. Ena mwa mawuwa ndi oona, koma wofedwa anawamva kale kambirimbiri, ndipo chimene iye amamva n'chakuti tonthola, ukutisowetsa mtendere. Timaopanso kutchula dzina la malemu kuti tingamukumbutse, ngati kuti anaiwala. Maliro n'kulirana. Kungofika n'kunena kuti, amayi, tadziwa kuti lero n'kovuta, tabwera tikhale nanu pang'ono, kenaka n'kukhala chete, n'kokwanira. Mukafuna kumupatsa mawu, ilipo duwa imene Umm Salama ananena mwamuna wake Abu Salama atamwalira, yopempha Allah kuti amulipe pa tsoka lake ndi kumupatsa chabwino m'malo mwake. Iye mwini anavomera kuti poyamba mumtima ankati, ndani angapose Abu Salama? Anainena ali ndi chikaiko chomwecho, ndipo palibe anamudzudzula.

Chisoni si matenda, ndipo anthu ambiri amachira popanda dokotala, mothandizidwa ndi abale, mapemphero ndi nthawi. Koma chilipo chisoni chimene chimakana kusuntha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo chisoni chokhalitsa, pamene papita miyezi yoposa isanu ndi umodzi, kupyola zimene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekeza, iye akadali womangika, maganizo onse ali pa malemu, ntchito yaima, ana sakusamalidwa. Madokotala a ku America amayembekeza chaka chathunthu asanatchule dzinali. Kulira pa Eid yachiwiri kapena yachisanu si chizindikiro cha vutoli. Zizindikiro ndi monga munthu kuonda osadya kwa milungu, kusagona, kudzitsekera m'nyumba, kuyamba mowa kapena mapiritsi mobisa, ndipo choopsa kwambiri, kulankhula zofuna kutsatira malemu. Mawu otero musawayankhe ndi ulaliki wakuti kudzipha ndi haramu basi. Iye akudziwa, n'chifukwa chake anabisa nthawi yonseyi. Musamusiye yekha, mutengereni ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital. Palinso manambala aulere a Lifeline Childline Zambia, 933 ya akulu ndi 116 ya ana. Kwathu kuno munthu akasokonezeka timathamangira kunena za majini kapena ufiti. Kumuwerengera Qur'an ndi kumutengera kwa aphungu a kuchipatala sizilimbana, monga mmene wodwala malungo amamwera mankhwala duwa ili pakamwa.

Tsiku la Eid lenilenilo nthawi zambiri limadutsa bwinoko kuposa mmene wofedwa ankaopera, chifukwa pakhomo pamakhala anthu. Lovuta ndi lachitatu, a ku Lusaka atakwera basi ya m'bandakucha, mapoto obwereka atabwezedwa, nyumba itabwerera zii. Amene ali ndi ulendo umodzi wokha woti akacheze kwa ofedwa, ausungire tsiku limenelo.

Mkanjo wa pamsomali uja ulibe lamulo. Ena amaupereka kwa wosauka Eid isanafike kuti ukaswalidwe nawo, ena amausunga zaka osauchapa kuti fungo lisachoke. Mayi wina wa kufupi ndi kwathu anausunga Eid ziwiri. Pa yachitatu anautengera kwa telala kuti audule ukwane mdzukulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anatchedwa dzina la malemu. Telala anachepetsa thupi koma manja anawasiya aatali, akuti mwana akula. M'mawa wa Eid mnyamatayo anapita ku swala atapinda manja katatu, agogo ake ataima pakhomo akumukuwira kuti asaukokere m'matope.